Abakha aulukanso m'shedi ya amalume

Mukanafika ku Senga Bay mu 2021 n'kufunsa komwe kuli shedi ya amalume anga, anthu akanakulozerani ndi mlomo, kenako n'kukufunsani chomwe mwataya kumeneko. Inali kuseri kwa mathandala oyanikapo usipa, malata ake atafiira ndi dzimbiri, chitseko chomangidwa ndi chingwe cha ukonde poti loko inali itauma kalekale. Mkati munali chilimira chong'ambika, nyali zosweka magalasi, mabenchi asanu ndi limodzi ozondotsedwa, ndi fungo la nsomba lomwe linali litalowerera mpaka m'njerwa. Patebulo pomwe kale pankakhala TV, nkhuku ya kwa aneba inkaikirapo mazira. Eni shediyo ankangokhala pakhonde tsiku lathunthu, dzanja lili patsaya, bawo lili pambali popanda wosewera naye.

Pitani lero! Njira simufunsa, makutu akutsogolerani okha. Musanafike n'komwe pamathandala mumva mfuu ya "Chigoliii!" ikusefukira kunja ngati muli pabwalo la Bingu ku Lilongwe. Khoma lawala ndi laimu, padenga pagona mapanelo anayi a sola, pakhomo pali mulu wa mapatapata chifukwa lamulo ndi lakuti mchenga utsale panja. Mkulu wa imvi amene akulandira ndalama pakhomopo, akuseka mpaka kugwira nthiti, ndi amalume omwe aja.

Shediyi inayamba mu 1998, amalume atabwerako ku Joni ndi makatoni awiri. M'katoni yaikulu munali TV yachimimba kumbuyo ndi makina a matepi a vidiyo. M'katoni yaing'ono munali kabokosi kakuda kolembedwa Terminator, mapadi awiri, kamfuti kapulasitiki ndi katiriji yachikasu. Kumbukirani kuti TVM inayamba kuulutsa mu 1999. Choncho ife ana a m'mphepete mwa nyanja tinamuona Mario akulumpha mipope tisanaone munthu aliyense akuwerenga nkhani za dziko lathu pa kanema. Usiku akuluakulu ankaonera Rambo ndi Van Damme, masana kunali kwa ife.

Tinadzadziwa titakula kuti Terminator uja anali wokopera chabe. Mwini nzeru anali Famicom wa kampani ya Nintendo, amene anatuluka ku Japan mu 1983, ndipo Super Mario Bros. anabwera mu 1985. Tinkasewera zinthu zomwe ana a ku Tokyo anali atazitaya kale, koma kwa ife zinali zofika dzulo, zonunkhira sitolo. Pakatiriji panalembedwa kuti muli magemu 9999999. Tsiku lina ine ndi mng'ono wanga tinatsimikiza zowayesa onse, ndipo tinapeza kuti ndi magemu owerengeka omwewo, amangosintha dzina ndi poyambira. Sitinakhumudwe olo pang'ono. Ochepawo anatikwanira zaka zisanu.

Katiriji ikakana, sikirini n'kudzaza timizeremizere, mankhwala ake tinkawadziwa tonse: kuizula, kuiuzira mpweya katatu, kuipukuta pamalaya, n'kuikankhiramo pang'onopang'ono anthu onse atagwira mpweya. Adaputa ikatentha tinkaipepesa ndi chikatoni ngati tikukoleza mbaula. Batire ya galimoto ikayamba kufooka, chithunzi chinkafupika m'mwamba ndi m'munsi, Mario n'kumaoneka ngati wapondedwa ndi thumba la chimanga, ndipo aliyense ankafulumira kuti nthawi yake ikwane isanathime.

Panali Contra, wa asilikali awiri opanda malaya, amene ife tinkati ndi anyamata a ku Parachute Battalion pomwepa. Panali Duck Hunt, ndi galu wake uja wotuluka m'maudzu kudzakuseka ukaphonya bakha. Koma wokondedwa wa amalume anali Battle City, gemu ya akasinja ya Namco, imene pakatiriji yathu inkatchedwa Tank 1990. Anthu awiri, akasinja awiri, chiwombankhanga chimodzi m'kampanda ka njerwa choti muchiteteze. Wina akathamangira kutsogolo kukasaka ulemu, adani amazembera kumbuyo n'kuphwanya kampandako, gemu yathera pomwepo kwa nonse awiri. Amalume ankandiika kumanzere. "Mphwanga, iwe usachoke pakhomo, kutsogoloko ndisiyire ine."

Kenako inafika PlayStation 2. Sony anaitulutsa mu 2000, kwathu inafika patapita zaka zingapo, yogula kwa wina amene anaigwiritsapo kale ntchito. Pano ndiyime kaye, chifukwa kwa ine iyi ndiye mfumu ya makina onse, ndipo amene akutsutsa abwere ku Senga Bay tidzakambirane pamthunzi. Si ine ndekha woikonda: padziko lonse inagulidwa yopitirira 150 miliyoni. Inkasewera magemu, inkaonetsanso ma DVD, motero amalume anapumitsa makina a matepi n'kumapezera ndalama ziwiri m'kabokosi kamodzi. Sinkafuna intaneti, sinkafunsa dzina lako. Ukaika disiki, kaphokoso kake koyambira kaja kakamveka, basi mpira wayamba.

Ndipo unali mpira! Pro Evolution Soccer wa Konami anasandutsa shedi kukhala bwalo. Mu PES 6, ya 2006, munali Adriano wa Inter Milan, amene mwendo wake wamanzere unali ngati mphenzi, mpaka tinapangana kuti wosankha Inter ayambe wapereka chigoli chimodzi. Matimu ena analibe mayina awo enieni, Liverpool inkatchedwa Merseyside Red, ndipo zimenezi zinatipatsa nzeru. Mng'ono wanga anakhala masabata awiri akusintha mayina ndi mitundu ya mayunifomu, chilembo chimodzichimodzi ndi padi, mpaka Bullets ndi Wanderers zinalowa m'makinamo. Zonsezo zinkagona m'kamemory card ka 8MB, kakang'ono ngati bokosi la machesi, kamene amalume ankakasunga m'thumba la malaya pamodzi ndi ndalama za tsikulo. Loweruka Maule ndi Manoma akakumana m'shedimo, ngakhale amayi ogulitsa zitumbuwa ankasuzumira pawindo.

Shedi sinafe tsiku limodzi. Mafoni ndiwo anaidya pang'onopang'ono. Poyamba inali njoka ija ya pa Nokia 3310, yomwe sinkaopsa aliyense. Kenako mafilimu omasuliridwa m'Chichewa anayamba kulowa m'timakadi ta m'foni, aliyense n'kumaonera ali gone pamphasa kwawo. Diso lowerenga disiki la PS2 linafooka, tinayesa kuiimika chambali, kuizondotsa, kuipukuta, mpaka linakaniratu. Ife amene tinkadzaza mabenchi tinabalalika, wina ku Lilongwe, wina ku Joni, wina panyanja. Amalume anamanga chitseko ndi chingwe, n'kubwereketsa malowo kwa mwini chilimira.

Amene anadula chingwecho ndi msuweni wanga, mwana wawo wotsiriza, yemwe anaphunzira za magetsi. Kumapeto kwa 2021 malo opangira magetsi a dzuwa a 60 megawatts anatsegulidwa ku Nanjoka, m'boma lathu lomweli la Salima. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko lonse n'kulowa m'nyengo ya mdima wautali. Mwezi womwewo Gabadinho Mhango anaponya chigoli chake chakutali chija pokumana ndi Morocco, ndipo msuweni wanga anaona anyamata khumi ataunjikana pakafoni kamodzi kuti achionenso. Madzulo ake anakagwada pakhonde paja.

"Ababa, dzuwa lomwe likuumitsa usipali likhoza kuyatsa TV. Ndibwerekeni shedi."

Amalume akuti anangoti, "Nkhuku ija ukaiuze wekha."

Ntchito inatenga miyezi itatu, ndipo ine ndinabwera kudzathandiza sabata yomaliza. Tinatulutsa mawilibala asanu ndi atatu a mchenga ndi mamba a nsomba. Tinakwecha pansi ndi phulusa ndi sopo mpaka simenti yakale inaonekanso. Kalipentala anasintha malata ndi kupala mabenchi. Msuweni anakwera padenga yekha, chitenje atachimanga pamwamba pa ovololo, n'kumangirira mapanelo, ana a m'mudzi ali pansi kukamwa kuli yasa. Mabatire ndi inveta anaziika m'kabati yokhoma. Kenako anabweretsa TV ziwiri zopyapyala ndi PlayStation 4 imodzi yogula kwa mnzake wochokera ku Joni. PlayStation 5, imene inatuluka mu 2020, tinangoionera pazithunzi, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 tinasiyiratu kuitchula.

Kunena zoona PS4 ndi yokongola. Udzu wa pabwalo umaoneka tsamba ndi tsamba, thukuta likuyenderera pamphumi pa wosewera, mapadi opanda chingwe choti wina n'kupunthwapo. Tsiku loyamba mkulu wina anaima pakhomo n'kufunsa kuti masewerowa akuchitikira dziko liti. Koma ndi mlendo wofuna kusamalidwa. Imamwa magetsi kuposa makina athu akale onse pamodzi. Nthawi zina imafuna intaneti kuti idzikonze, bandulo n'kutha mpira usanayambe. Mchenga wa kunyanja ukalowa m'kati, fani yake imalira ngati injini ya boti, n'chifukwa chake mapatapata amatsala panja. Ngakhale dzina la gemu lasintha: imene ana onse amaitchabe FIFA, kuyambira 2023 eni ake amaitcha EA Sports FC. PS2 sinkavuta chonchi. Msuweni atamva ndikudandaula, anapeza ina yabwinobwino n'kuilumikiza ku TV yachiwiri, ndipo ndikukuuzani, benchi yake sipola.

Makasitomala amabwera motsata nyanja. Alovi amagwira ntchito usiku, kukopa usipa ndi nyali, ndiye masana akadzuka amabwera maso ali psuu kudzabwezera zigoli za dzulo. Mwezi ukawala kwambiri nsomba sizitsata nyali, ndipo shedi imadzaza mpaka usiku. Mwera ukaomba m'miyezi yozizira, mabwato onse ali pamtunda, pamzere pamakhala anthu mpaka pansi pa mtengo. Odikirawo ndiwo anadzutsa bawo la amalume, moti tsopano munthu amayamba wagonja panja asanakagonje mkati. Olipira ndi Mpamba kapena Airtel Money amalipira, wopanda ndalama koma ali ndi mbale ya usipa amamvana ndi eni ake. Lamulo losasintha ndi limodzi, lolembedwa ndi choko pachitseko: mwana wa sukulu salowa nthawi ya sukulu, ndipo amalume amawadziwa onse ndi makolo awo omwe.

Koma chimene chinandigwetsa misozi chinatuluka tsiku lokwecha lija. Pansi pa chilimira panali katoni yonyowa m'munsi, ndipo m'katimo, atakulungidwa m'chitenje cha malemu azakhali, munali Terminator, mapadi ake, kamfuti ndi katiriji yachikasu. Msuweni anatsegula kabokosiko, anachotsa chisa cha mphemvu, anawotcherera waya umodzi, anasintha adaputa. Tinailumikiza ku TV yatsopano. Ndinauzira katiriji katatu. Mndandanda wa magemu 9999999 unatulukira, ndipo amalume anadzuka pabenchi ngati mnyamata.

Anasankha Duck Hunt. Analoza, anaomba, bakha anapitirira. Anaombanso, galu anatuluka m'maudzu akuseka. Anasendera mpaka mfuti kugunda sikirini, komabe palibe bakha anagwa. Nkhope yawo inayamba kubwerera ku ija ya pakhonde.

Msuweni ndiye anatimasulira. Kamfutiko sikatulutsa kanthu, m'kamwa mwake muli kadiso koona kuwala. Ukakoka chowombera, sikirini imada kwa kamphindi kosaoneka ndi maso, kenako pamalo pa bakha pamawala kabokosi koyera, ndipo kadisoko kakaona kuwalako makina amadziwa kuti walasa. TV zopyapyalazi zimachedwa pang'ono kuonetsa chithunzi, choncho kabokosiko kamabwera kadiso katasiya kale kuyang'ana. "Ababa, dzanja lanu lilibe vuto. Pakufunika TV yachimimba."

Tinaisaka masiku anayi. Tinaipeza ku Kamuzu Road, m'tauni ya Salima, pansi pa tebulo la wokonza mawailesi, itakutidwa ndi fumbi, ndipo mwini wake anadabwa kuti pali munthu woifunabe. Ndinaikumbatira pamiyendo m'minibasi ulendo wonse wobwerera kunyanja. Titaiyatsa inalira kaphokoso kake kopyapyala kaja, galasi n'kumakoka tsitsi la pamkono. Amalume anaima patali, mapazi atatangadza, diso limodzi lotsinzina. Phaa! Bakha anazungulira n'kugwa. Phaa! Wachiwiri. Galu anatuluka atanyamula abakha m'manja, ndipo shedi yonse, alovi, ana, amayi a zitumbuwa, inaphulika ndi nthungululu.

Tsopano Terminator ali ndi ngodya yakeyake, ndipo kumeneko salipiritsa. Ana amene anabadwa PS4 itatuluka kale amalimbirana kamfuti kaja, ndipo Mario amawagwetsa m'dzenje loyamba ngati mmene ankatichitira ife. Mwezi watha nditapita, ndinapeza amalume atadzuka m'mamawa kusesa, atavala malaya ositidwa, kamemory card katsopano kali m'thumba. Sanandifunse za ulendo kapena za ana. Anauzira katiriji, anatsitsa mndandanda mpaka pa Tank 1990, n'kundiponyera padi yachiwiri.

"Mphwanga, khala kumanzere. Usachoke pakhomo."