Halim El-Dabh: Wopeka Nyimbo ndi Makina

Lero tiphunzira za munthu wa muno mu Africa amene anali mmodzi wa oyamba kupeka nyimbo ndi makina a magetsi.

Halim El-Dabh anabadwira mu mzinda wa Cairo, ku Egypt, m'caka ca 1921. Ku yunivesite anaphunzira za ulimi, koma mtima wake unali pa nyimbo. M'caka ca 1944 anabwereka makina ojambulira mau pa waya ku nyumba ina ya wailesi, napita nao ku mwambo wa zaar. Pa mwambo umenewu akazi amayimba ndi kuomba ng'oma kuti aciritse wogwidwa ndi mizimu, monga momwe zimacitikira pa vimbuza ku Chama ndi ku Lundazi.

Atabwerera, anayamba kusintha mau aja. Ena anawacotsa, ena anawamveketsa monga a munthu wofuula m'phanga, nawajambulanso mpaka panatuluka nyimbo imene khosi la munthu silingaimbe. Panali patatsala zaka zinai kuti Pierre Schaeffer ayambe nchito yotere ku Paris mu 1948.

Mu 1950 El-Dabh anapita ku America. Mu 1959 anali kugwira nchito pa Columbia-Princeton Electronic Music Center ku New York, kumene anapeka Leiyla and the Poet. Pamalopo panali makina a RCA odzaza cipinda, amene ankalangizidwa ndi pepala lobooledwa timabowo. Kompyuta ya masiku ano imacita nchito yomweyo mosavuta: imasandutsa mau kukhala manambala, ndipo wopeka nyimbo angathe kuwadula, kuwatalikitsa kapena kuwasanjikiza.

Ngakhale zinali tero, iye sanataye nyimbo za makolo. Anaphunzitsa ku Ethiopia, kumene anakhazikitsa Orchestra Ethiopia mu 1963. Pambuyo pake anaphunzitsa pa Kent State University kuyambira 1969 kufikira 1991. Anamwalira mu 2017 ali ndi zaka 96.

Ana inu, zindikirani kuti nyimbo yake yoyamba ya makina inacokera ku mwambo wa kwao. Nkhalamba ikamwalira nyimbo zake zisanaphunziridwe, palibe kompyuta ingazibweze.

Aphunzitsi, uzani mwana aliyense aphunzire nyimbo imodzi kwa agogo ake. Akaiyimbe m'kalasi, kenaka pabwalo, ndipo afotokoze mmene mau asinthira. Tsalani bwino.