Mpendadzuwa unafota penti asanaume

Mu Epulo ndinathyola maluwa atatu a mpendadzuwa kumunda kwa azakhali ku Mchinji kuti ndiwajambule ndi penti wamafuta. Osati uja timapaka zitseko ayi, koma wa m'timachubu ting'onoting'ono tomwe tinandidyera ndalama ya bandulo ya mwezi wathunthu. Mayi atamva mtengo anangoti, "Kodi iwe, foni yakoyo yasiya kujambula?"

Sanalakwe kufunsa. Foni imatola duwa m'kuphethira kwa diso. Penti wamafuta sauma ngati chovala padzuwa. Mafuta ake, omwe nthawi zambiri amafinyidwa ku njere za mbewu ya flax, amalimba pang'onopang'ono akamakhudzana ndi mpweya. Pamapita masiku kuti pamwamba paume, ndipo ojambula ambiri amadikira miyezi 6 asanapake vanishi. Pomwe duwa lothyola silidikira munthu.

Tsiku loyamba zinkakoma, chifukwa pentiyu ndi wokhululuka: ukalakwitsa umangopala n'kuyambiranso. Kutacha ndinapeza maluwa aja awerama, mithunzi yonse yasamukira kwina. Ndinapupuluma, n'kupaka chikasu pamwamba pa chobiriwira chosauma. Zonse zinasanduka matope. Pofika tsiku lachinayi, patebulo panali mbwee timasamba tachikasu toyoyoka, ine mutu ukuwawa ndi fungo la mankhwala otsukira burashi.

Chinanditonthoza n'choti mpikisano umenewu ndi wakale. Mu Ogasiti 1888, ku Arles, kum'mwera kwa France, Vincent van Gogh anajambula zithunzi zinayi za mpendadzuwa m'masiku ochepa chabe, pokonzekera kubwera kwa mnzake Paul Gauguin. Ankayamba ntchito mbandakucha poopa kuti maluwa amufotera. Tapezani pa intaneti chithunzi chake chomwe chili ku National Gallery ku London, muchikuze bwinobwino pafonipo. Muona kuti maluwa ena ndi ofota, ena anayoyoka kale, kwangotsala mitu ya njere. Mkuluyu sanabise kanthu, ndipo kwa ine mitu imeneyo ndi yomwe imachititsa kuti chithunzicho chikhale chamoyo. Anamwalira mu 1890 akudalirabe thumba la mng'ono wake Theo, koma mu 1987 chimodzi mwa zithunzi zake za mpendadzuwa chinagulidwa ndi kampani ya inshulansi ya ku Japan pa ndalama pafupifupi madola 40 miliyoni.

Jan van Huysum wa ku Amsterdam, yemwe anamwalira mu 1749, iye anasankha kuchenjera. Ankaika mumphika umodzi maluwa omwe saphuka nyengo imodzi, n'kumadikira lililonse nthawi yake ikwane, moti zithunzi zake zina zili ndi zaka ziwiri pomwe anasaina. Kukometsa zithunzi sikunayambe ndi Instagram, abale.

Ine ndinatsata Van Gogh, osati poti ndine dolo, koma poti penti anali atatsala pang'ono kutha. Ndinapala matope aja n'kujambula maluwawo mmene analili, ofota. Apo m'pomwe ndinaona zomwe sindinazionepo chikulireni pakati pa minda ya mpendadzuwa: njere zija zimandandalikana mozungulira, mizere ina kulowera kumanja, ina kumanzere, ndipo chikasu cha duwa limodzi chimasiyana kunsonga ndi kutsinde kwa tsamba.

Chithunzicho chinakhala pawindo milungu iwiri chisanasiye kumata chala. Mayi anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako analoza duwa lakumanzere, lowerama kwambiri lija.

"Koma ili lokha ndiye lafanana," anatero.