Musanapake Penti m'Nyali za Galimoto, Kayendeni Kaye ku Thyolo

Ife a kunyanja timaudziwa mwera, timalidziwa dzuwa la mu October, koma nkhungu yeniyeni ambiri a ife tinakaionera kumtunda. Abale athu amene amapita ndi usipa kapena utaka ku misika ya Bvumbwe, Thyolo ndi Luchenza angakuuzeni bwino. Ukangotuluka mu Limbe n'kulowa msewu wa M2 m'bandakucha wa mu June kapena July, umakumana ndi chiperoni, nkhungu yozizira ya mvumbi imene dzina lake linachokera ku phiri la Chiperone la ku Mozambique. Minda ya tiyi ija imene masana imaoneka ngati mphasa yobiriwira imasoweratu. Umangoona pang'ono patsogolo pa boneti, kenaka mwadzidzidzi anthu: amayi ndi abambo olawirira kukathyola tiyi ku maesiteti monga Satemwa, Conforzi ndi Naming'omba, ena atadzifunda mapepala a pulasitiki, ana a sukulu, njinga zopanda nyali zitasenza nthochi kapena nkhuni. Anthu onsewa amayenda m'mbali mwenimweni mwa phula, ndipo chimene chimawalekanitsa ndi ngozi ndi nyali ziwiri za kutsogolo kwa galimoto yanu.

Ndalemba nkhaniyi kamba ka mwana wa mlongo wanga, mnyamata wakhama amene amayendetsa Sienta. Iye anaona pa YouTube anthu a kunja akutsegula nyali za galimoto n'kuzipaka penti yakuda m'kati kuti zizioneka zaukali. Loweruka lina anazitsegula zake, napopera penti paliponse pamene panali ponyezimira, namata ndi silikoni wa m'bafa. Masana galimotoyo inakongola ndithu, ineyo ndikuvomera. Koma tsiku limene tinanyamuka usiku kupita kumaliro ku Luchenza, titafika m'minda ya tiyi tinayenda ngati tikukankha ngolo. Kuwala kunkathera pamphuno pa galimoto, ndipo pobwerera nyali ya kumanzere inali ndi madzi m'kati ngati botolo. Sitinagunde munthu, koma ndinamuuza kuti ulendo wina sindikweranso mpaka akonze.

Si kuti kutsegula nyali pakhomo n'kulakwa ayi. Nthawi zina ndiyo njira yokha yopulumutsira ndalama, poti nyali yatsopano ndi yodula ndipo ya kaunjika imabwera ndi matenda ake. Chofunika ndi kudziwa chimene chili m'katimo.

Akuluakulu akukumbuka nyali za Land Rover ndi Datsun zakale. Zambiri zinali galasi lokhalokha lomatidwa kufakitale, ndipo ikapsa unkachotsa yonse n'kuika ina. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 opanga galimoto anasamukira ku pulasitiki yolimba yotchedwa polycarbonate, imene ndi yopepuka ndipo sisweka msanga ndi miyala. Choncho chimene timachitcha galasi pa Vitz, Probox kapena Sienta ndi pulasitiki. Kuseri kwake kuli chigoba chakuda. M'kati muli zinthu ziwiri zimene zonse zimanyezimira, ndipo apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Choyamba ndi mbale yonyezimira imene yazungulira babu. Imeneyi ndiyo imasonkhanitsa kuwala n'kukuponya kutali pamsewu. Babu payokha siingaunikire kutali chotero. Mbaleyi anaikuta ndi aluminiyamu wopyapyala kwambiri kuposa tsitsi, kotero kuti kungoipukuta ndi kansanza kumaichititsa zipsera zosachoka. Chachiwiri ndi mkombero wokongoletsa chabe umene uli m'mbali. Galasi ndi chigoba amazilumikiza ndi phula lakuda la labala lotchedwa butyl, limene limafewa likatenthedwa n'kulimbanso likazizira.

Dziwaninso kuti nyali siinatsekedwe ngati chitini cha nsomba. Kumbuyo kwake kuli timabowo topumira, poti babu ya halogen monga H4, ya mawati 60 ndi 55, imatentha kwambiri ndipo mpweya uyenera kulowa ndi kutuluka. N'chifukwa chake galimoto yochokera ku kutentha kwa ku Mangochi ikagona mu chiperoni, m'mawa mumaona kathukuta pang'ono m'ngodya ya galasi. Kathukuta kotere kakamauma mukayatsa nyali kwa mphindi 20 kapena 30, musavutike nako. Koma mukaona madontho akuluakulu akutsetsereka, kapena madzi atadikha pansi, pali polowera. Yambani mwaona chivindikiro cha labala cha kumbuyo kwa babu, chifukwa kawirikawiri chimatayika kapena kuikidwa mopendama posintha babu. Onaninso ngati chigoba chili ndi mng'alu. Zimenezi zikakhala bwino, ndiye kuti phula lija latopa, ndipo tsopano pali chifukwa chotsegulira.

Nyali yachikasu, yooneka ngati yachita ng'ala, siifuna kutsegula. Matenda amenewo ali kunja: dzuwa ladya utoto woteteza umene opanga anaika pamwamba pa pulasitiki, ndipo kwathu kunyanja dzuwa limadya msanga. Mankhwala ake ndi sandipepa wonyowetsa m'madzi, kuyambira wa nambala 800, kenaka 1500, 2000 mpaka 3000, n'kumaliza ndi vanishi woteteza ku dzuwa. Mukasiya vanishiyo, chikasu chimabwerera m'miyezi yochepa.

Tsono ngati mwatsimikiza kutsegula, sankhani tsiku ladzuwa ndi malo opanda fumbi. Chotsani waya wa batire, masulani nyali pa galimoto (pa galimoto zambiri zazing'ono muyenera kumasulako bampa), ndipo chotsani mababu, mawaya, zivindikiro ndi tizitsulo togwira galasi. Fufuzani timasikuluwu tobisala kumbuyo, chifukwa mukaiwala kamodzi kokha n'kuyamba kukanula, mudzathyola khutu la chigoba. Babu ya halogen musaigwire pagalasi ndi zala; mafuta a m'manja amaipsereza msanga. Jambulani ndi foni musanamasule chilichonse kuti musadzaiwale pobwezera.

Anzathu a kunja amaika nyali mu uvuni wa magetsi wotentha madigiri 100 mpaka 120 kwa mphindi pafupifupi 10. Ambiri a ife uvuni wotere tilibe, ndipo pano ndichenjeze mwamphamvu: mbaula, chitofu cha palafini kapena lawi la gasi musayerekeze. Pulasitikiyi imayamba kufewa ikayandikira madigiri 150, ndipo moto wa makala umapitirira pamenepo kutali. Bwerekani chipangizo chopemerera mpweya wotentha chimene amisiri a penti amagwiritsa ntchito, kapena chowumitsira tsitsi cha ku saluni, ngakhale chimenechi chimachedwa. Yendetsani mpweyawo pamsoko pokha, mozungulira, osaima malo amodzi. Phula likafewa, lowetsani sikuludiraiva yaphanthi pangodya, kanulani pang'ono, tenthetsaninso, kanulaninso. Phulalo limatanuka ngati chingamu; lidulenidule ndi mpeni lisanagwere pa mbale yonyezimira. Pali nyali zina zimene zinamatidwa ndi guluu wolimba wosafewa ndi kutentha. Mukatenthetsa kangapo osaona kusintha, lekani n'kukafunsa makaniko wodziwa. Paja akulu anati safunsa anadya phula, ndipo pantchito iyi phulalo lilipodi.

Tifike pa penti, pamene panagona nkhani ya mwana wa mlongo wanga. Malo okhawo opaka penti ndi mkombero wokongoletsa uja. Umasuleni, muutulutse, mukaupakire kutali ndi nyali. Mbale yonyezimira isaone penti, sandipepa, sopo, ngakhale chala. Ngati ili ndi fumbi, ipemerereni mpweya basi. Pa nyali zina mkombero ndi kambale ka indiketa zili chinthu chimodzi. Pamenepo phimbani kambaleko ndi pepala, ndipo tepi imate pa mbali imene mukupaka, chifukwa tepi ikamata pa aluminiyamu imachoka naye.

Penti sigwira pa chinthu chosalala chonyezimira. Khulani mkomberowo ndi sandipepa wosalala mpaka kunyezimira kuthe, tsukani, umitsani, poperani pulaimala wa pulasitiki, kenaka penti yopirira kutentha. Poperani mopyapyala katatu kapena kanayi, n'kumadikira kuti iume, m'malo mothira yambiri kamodzi. Thinala ndi petulo zisayandikire galasi, poti zimaliwalula n'kulichititsa ming'alu. Ndipo dekhani. Penti imene yauma pamwamba imakhala ikutulutsabe nthunzi, ndipo mukaitsekera m'nyali tsiku lomwelo, babu ikatentha nthunziyo imakamata kuseri kwa galasi ngati utsi umene simungaupukute popanda kutsegulanso. Usiyeni mkomberowo masiku awiri pamalo ouma, ndipo ngati muli kumtunda m'nyengo ya chiperoni onjezani tsiku lina.

Maganizo anga ine ndi akuti galimoto yonyamula anthu kapena katundu usiku isapakidwe penti m'nyali n'komwe. Ngakhale mkombero wokhawo umathandizako pang'ono kumwaza kuwala m'mbali ndi kuti galimoto ioneke kwa anthu oyenda pansi. Koma ndikudziwa kuti achinyamata sangandimvere onse, ndiye bola apake malo oyenera. Chimene sindingachivomere konse ndi kudetsa galasi lenilenilo ndi penti kapena pepala lakuda lomata.

Kumatanso ndiko kumaweruza ntchito yonse. M'kati muyenera kuuma gwa; kadontho kamodzi kotsalira kamasanduka thukuta la tsiku ndi tsiku. Kuseri kwa galasi kupukuteni pokhapokha ngati kwada, ndi kansalu kofewa ndi madzi oyera. Ngati phula lakale likadali lofewa ndi loyera, likhoza kugwiranso ntchito, koma ngati munatsegula kamba ka madzi ndiye kuti linalephera kale. Likokoloreni lonse m'ngalande yake n'kuikamo chingwe cha butyl chatsopano, chimene mungafunse m'masitolo a zipangizo za galimoto kapena kwa oika magalasi a galimoto. Chiyaleni mozungulira osasiya mpata, makamaka m'ngodya za pamwamba pamene madzi a mvula amatsetserekera kuchokera pa boneti. Silikoni wa m'bafa, uja wonunkha ngati viniga, sagwira bwino pa pulasitikiyi, nthunzi yake imadetsa m'kati, ndipo akauma salolanso kuti nyali idzatsegulidwe bwino. Tenthetsani phula latsopanolo, kanikizani galasi mpaka tizitsulo tonse tilowe m'malo mwake, mangani timasikuluwu phula likadali lofewa, ndipo musiye zizizire zili zomangidwa. Timabowo topumira tija musatitseke poganiza kuti mukuletsa madzi. Musanabwezere nyali pa galimoto, ikani mababu ndi zivindikiro, thirani madzi pamsoko kwa mphindi zingapo, n'kusuzumira m'kati.

Chatsala n'cholunjikitsa, chimene ambiri amachiiwala. Nyali ikachotsedwa n'kubwezedwa siiloza pamene inkaloza kale. Kuno timayenda kumanzere kwa msewu, monganso ku Japan kumene galimoto zathu zambiri zimachokera, ndipo nyali za dimu anazipanga kuti kuwala kukhale kotsika kumanja, kusathobwe maso a amene akubwera, koma kukwere pang'ono kumanzere. Kumanzereko ndi kumene kumayenda wothyola tiyi uja ndi dengu lake. Pachifukwa chomwechi, pogula nyali ina onetsetsani kuti siyopangira maiko oyenda kumanja. Musaikenso mababu a LED m'mbale imene anaipangira halogen: amawala kwambiri koma momwazika, ndipo mu nkhungu kuwalako kumabwerera m'maso mwanu, monga mmene zimachitikira mukayatsa fulu m'malo mwa dimu.

Madzulo imikani galimoto pamalo athyathyathya, mamita 10 kuchokera kukhoma, matayala atapopedwa bwino. Yezani kutalika kwa pakati pa nyali kuchokera pansi, ndipo lembani mzere wa choko pakhoma pa kutalika komweko. Pa chigoba cha nyali zambiri pamalembedwa nambala monga 1.0%; imeneyi ikutanthauza kuti pa mamita 10 malire a kuwala kwa dimu atsike masentimita 10 pansi pa mzere wanu. Phimbani nyali imodzi ndi katoni, sinthani inayo ndi timasikuluwu ta kumbuyo, kenaka chitani chimodzimodzi mbali inayo. Oyeza galimoto a COF amayang'ananso nyali, choncho ntchitoyi siipita pachabe.

Mwana wa mlongo wanga mbale zake zija sizinatheke kuzitsuka, poti penti inachoka pamodzi ndi aluminiyamu. Anagula nyali ziwiri za kaunjika ku Limbe, ndipo tinazilunjikitsa limodzi pakhoma la nyumba ya amayi ake.