Bo-Kaap: Makoma Atetezedwa, Nanga Eni Ake?

M'mbali mwa phiri la Signal Hill mumzinda wa Cape Town muli dera la Bo-Kaap, kumene alendo amakhamukira kukajambula nyumba zopakidwa penti wowala, zina zobiriwira, zina zachikasu. Koma chuma cha derali chili mwa mabanja amene akhala m'nyumbazo kwa mibadwomibadwo, choncho lamulo loteteza makoma okha n'kuiwala anthuwo ndi loperewera.

Kamangidwe ka nyumbazi kakuchitira umboni. M'zaka za m'ma 1760, Jan de Waal anamanga tinyumba ta lendi m'derali, ndipo imodzi mwa nyumba zake, ya mu Wale Street, lero imasungidwamo zinthu zakale. Akapolo atamasulidwa kotheratu mu 1838, ambiri mwa iwo, ochokera m'mabanja ogwidwa ku Indonesia, India, Madagascar ndi Mozambique, anakhazikika kumeneku. Nyumba zake ndi zogundana khoma ndi khoma, za denga lafulati, zopanda mpanda kumaso. Chitseko chimatulukira pakhonde lokwera, lokhala ndi pokhalira kumapeto kwake, loyang'ana msewu woyalidwa miyala. Khonde lotere anamangira anthu odziwana, ocheza madzulo ndi kutumizirana mbale za chakudya m'mwezi wa Ramadan. Mzikiti wa Auwal wa mu Dorp Street, wakale kuposa yonse m'dziko la South Africa, unakhazikitsidwa mu 1794 pakati penipeni pa nyumbazi, poti amene ankapempheramo anali oyandikana nawo omwewo.

Boma la tsankho litalengeza mu 1966 kuti dera lina la mumzindawu, District Six, ndi la azungu, anthu oposa 60,000 anasamutsidwa ndipo nyumba zawo zinagwetsedwa. Bo-Kaap inapulumuka chifukwa boma lomwelo linali litaipatula kukhala ya Amalay, dzina limene ankatchulira mbadwa za akapolo aja. Lero chikusamutsa anthu ndi ndalama. Derali lili pafupi ndi pakati pa mzinda, mitengo ya nyumba yakwera, ndipo msonkho wa khonsolo umatsata mtengo wa nyumba. Gogo wodalira penshoni, amene nyumba anachita kusiyiridwa ndi makolo, amapezeka akugulitsa asakufuna.

Ena anganene kuti nkhaniyi inatha mu 2019, pamene khonsolo inaika derali pansi pa chitetezo chapadera ndipo boma linalengeza malo 19 a kumeneku kukhala chuma cha fuko. Malamulowa ndi othandiza poletsa kugumula ndi kumanga mwachisawawa, koma sanena za amene azigona m'nyumbazo. Enanso amati mwini nyumba ali ndi ufulu wogulitsa, komanso alendo amabweretsa ndalama. N'zoona, ndipo palibe amene ayenera kuletsedwa kugulitsa mwa kufuna kwake. Komabe alendowo amatsatira zakudya, mizikiti ndi chikhalidwe cha eni dera, zomwe zimachoka tsiku limene eni akewo asamuka. N'chifukwa chake khonsolo iyenera kuchepetsera msonkho mabanja okhalitsa ndi kuika malire pa nyumba zosandutsidwa malo ogona alendo, kuti ana obadwira ku Bo-Kaap athe kukalambira komweko.