Kupitirira Joni: masiku asanu ndi limodzi ku Cape Town

Kwathu kuno munthu akakwera basi ya ku South Africa timangoti wapita ku Joni, ngakhale akatsikire kwina. Chonsecho ena mwa abale athu amene timawawerengera ku Joni ali ku Cape Town, pafupifupi makilomita 1,400 kuchokera ku Johannesburg. Ndi aja amaika pa status ya WhatsApp chithunzi cha phiri lathyathyathya ngati tebulo, kunsi kwake nyanja yobiriwira. Ine ndinakakhalako masiku asanu ndi limodzi mu February, ndikugona kwa achimwene, mwana wa amalume, amene amasamalira maluwa m'nyumba za anthu ku Hout Bay.

Ulendo wake ndi wautali ndithu. Pabasi mumatulukira ku Mwanza, kudutsa Tete, kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, kuwoloka Beitbridge mpaka Park Station ku Johannesburg. Apo mumasintha basi n'kuyendanso usiku wonse ndi chigawo cha tsiku, kudutsa chipululu cha Karoo. Pandege, kuchoka ku Johannesburg ndi maola awiri basi. Mmalawi wongokacheza amaloledwa kukhala masiku 30 popanda visa, koma mukapyoza masikuwo amakuletsani kulowanso kwa nthawi, ndiye onani bwino tsiku limene akudindirani m'pasipoti. Wotchi simusintha, nthawi ndi yofanana ndi ya kwathu. Chodabwitsa n'chakuti m'chilimwe chawo dzuwa limalowa cha m'ma 8 koloko usiku, anthu akadali pamchenga.

Phiri lomwe simungalithawe

Table Mountain ndi lalitali mamita 1,086. Kwa ife odziwa Sapitwa wa mamita 3,002 zingaoneke zocheperapo, koma ili limadzuka m'mphepete mwa nyanja penipeni, ndiye kulikonse mungaime mumzinda limakhala likukuyang'anani. Pokwera pali njira ziwiri. Pali kangolo koyenda pachingwe, cable car, komwe kanayamba kunyamula anthu mu 1929. Kamatenga mphindi zisanu zokha ndipo pansi pake pamazungulira kuti aliyense aone mbali zonse. Njira ina ndi ya miyendo, yodzera mumpata wa Platteklip Gorge, yaulere koma ya masitepe amiyala maola awiri kapena atatu.

Ife tinakwera wapansi n'kutsika pachingwe. Achimwene akhala ku Cape Town zaka zisanu ndi ziwiri, koma tsikuli linali loyamba kuponda pamwamba. Anandiuza kuti phirili amangoliona pawindo la minibasi popita ndi pobwera kuntchito, ndipo tsiku limodzi lopuma pasabata limathera kuchapa, kutchalitchi ndi kutumiza ndalama kumudzi. Titafika pamwamba anakhala chete nthawi yaitali, kenako anayamba kundilozera nyumba zimene anagwirako ntchito, imodziimodzi.

Pamiyala pamakhala mbira zambiri, zija zinasowa mchira chifukwa chotuma anzawo, zikuothera dzuwa osaopa munthu. Pamalo okwera kwambiri pali mulu wa miyala wotchedwa Maclear's Beacon. Dzinali si lachilendo kwa ife: ndi Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi amene ankagwira ntchito ku Cape Town, yemweyo amene David Livingstone anatchulira Cape Maclear wathu wa ku Mangochi.

Tengani juzi ngakhale kunsi kukutentha. Mphepo yochokera kum'mwera chakum'mawa, imene eniake amaitcha Cape Doctor, imabweretsa mtambo umene umayala paphiri ngati nsalu ya patebulo, ndipo ikakula cable car imaima. Komanso musakwere nokha. M'njira zina mumabisala achifwamba, bola kuyenda pagulu, foni ili m'thumba.

Nyanja yokongola, madzi ngati a m'firiji

Camps Bay ndi Clifton ndi magombe a pazithunzi aja: mchenga woyera, nyumba zagalasi, mapiri kumbuyo. Koma amene anazolowera madzi ofunda a ku Senga Bay asathamangire kudumphira. Ndinangoviika mapazi, zala n'kuchita dzanzi. Chifukwa chake ndi mphepo yomwe ija: imakankhira madzi apamwamba kutali ndi gombe, ndiye ozizira a pansi pa Atlantic amakwera. N'chifukwa chake madzi amazizira kwambiri m'miyezi yotentha, pamene mphepoyo ili pachimake.

Wofuna kusambira apite ku Muizenberg, mbali ya False Bay, komwe kuli tinyumba tamatabwa topakidwa mitundu yowala ndipo madzi ake ndi opiririka. Sambirani pakati pa mbendera zofiira ndi zachikasu pomwe pali opulumutsa anthu. Nyanja yamchere ili ndi mikokomo yokokera munthu kuya, si ya Malawi iyi.

Chapatsogolo, pafupi ndi Simon's Town, pali Boulders Beach pomwe pamakhala mbalame zosauluka zotchedwa African penguin. Zimayenda monyang'wa ngati akuluakulu ovala suti ndipo zimalira ngati bulu. Zikutha msanga chifukwa nsomba zomwe zimadya zachepa, moti mu 2024 zinaikidwa m'gulu la zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu. Apa ndi ku Cape Point musaiwale pasipoti: anthu a m'maiko a SADC, kuphatikizapo ife, timalipira mtengo wotsika kuposa ochokera kutsidya kwa nyanja. Ku Cape Point samalani ndi anyani, amadziwa kutsegula chitseko cha galimoto.

Minda ya mphesa ndi amene anailima

Vinyo woyamba ku Cape anafinyidwa mu 1659, m'nthawi ya Jan van Riebeeck. Munda wa Groot Constantia, umene uli mumzinda momwemo kuseri kwa phiri, unayamba mu 1685 ndipo ukugwirabe ntchito. Makilomita pafupifupi 50 kum'mawa kuli Stellenbosch, tawuni ya mu 1679 ya mitengo ikuluikulu ndi yunivesite, komwe mu 1925 Abraham Perold anakwatitsa mitundu iwiri ya mphesa n'kupanga Pinotage. Kupitirira apo kuli Franschhoek, chigwa chomwe anakhazikikamo Afalansa othawa mazunzo a chipembedzo mu 1688.

Mphesa zimakonda kuno chifukwa mvula imagwa m'nyengo yozizira, June mpaka August, ndipo chilimwe chimakhala chouma. February ndi nthawi yokolola, ndiye tinapeza mathirakitala akukoka ngolo zodzaza mphesa, fungo lotsekemera lili ponseponse. Simukuyenera kukhala womwa kuti musangalale. Ine ndi achimwene tinaitanitsa juwisi wa mphesa, buledi ndi tchizi, n'kukhala pansi pa mtengo. Mtsikana amene anatibweretsera atamva tikuyankhula anamwetulira n'kutilonjera m'Chichewa. Anati kwawo ndi ku Ntcheu.

Nyumba zoyera za m'mindamu zili ndi mbiri yolemera pamtima. Minda yoyambirira inalimidwa ndi akapolo ochokera ku Madagascar, Mozambique, India ndi zilumba za Indonesia. Ukapolo utatha, antchito ambiri ankalandira gawo la malipiro awo ngati vinyo, mchitidwe wotchedwa dop, umene unasiya uchidakwa m'mabanja mibadwo ingapo. Minda ina masiku ano imafotokoza mbiriyi poyera. Mukapita, funsani.

Mbiri yomweyo mumaipeza mumzinda. Ku Bo-Kaap, kwa nyumba za mitundu yowala, kumakhala zidzukulu za ena mwa akapolowo, ndipo kuli mzikiti wa Auwal wa mu 1794. Ku District Six kuli nyumba yokumbukira anthu oposa 60,000 amene anasamutsidwa mokakamiza boma la tsankho litalengeza mu 1966 kuti deralo ndi la azungu okha. Kuchokera ku V&A Waterfront mumakwera boti kupita ku Robben Island, komwe Nelson Mandela anakhala zaka 18 mwa zaka 27 za ukaidi wake. Tikiti gulirenitu pa intaneti, ndipo sungani tsiku lina lapadera chifukwa nyanja ikawinduka boti silinyamuka.

Mukafikira kwa abale

Cape Town ndi wodula, ndipo ambiri a ife timakwanitsa chifukwa pali wachibale wotipatsa pogona. Ku Hout Bay nyumba za mipanda yamagetsi zayang'anizana ndi Imizamo Yethu, komwe nyumba zamalata zathithikana m'mbali mwa phiri. Achimwene amachita lendi kachipinda kamodzi komweko. Magetsi ndi ogula mayunitsi, ndipo madzi sasewera nawo kuyambira chilala cha 2018, pomwe munthu ankaloledwa malita 50 okha patsiku.

Chithunzi cha pa status sichinena zimenezi, ndipo m'bale wanu sangakuuzeni chifukwa cha ulemu. Choncho gwirizanani tsiku lofika ndi lochoka musanagule tikiti, poti mlendo ndi mame. Gulaniko ndiwo ndi mayunitsi osadikira kupemphedwa. Ndalama za rand zipezerenitu kwathu, musakadalire thumba la amene akukusungani. Gulani khadi ya basi za MyCiTi kuti muziyenda nokha iwo ali kuntchito, ndipo pa nkhomaliro gatsby mmodzi, buledi wautali wodzaza tchipisi ndi nyama, amakwana anthu atatu.

Pomaliza, malo amene mukuwafunitsitsa asungireni tsiku limene m'bale wanuyo akupuma, ndipo pabajeti yanu muwerengere matikiti awiri.