MAGETSI A ATOMU: MAU KWA ANTHU A KU CHIRINGA

Lero tikambirana za mphamvu ya atomu, imene ena amaitcha nyukiliya. Dzina limeneli anthu ambiri akalimva amaganiza za bomba ndi imfa, ndipo nchosadabwitsa, pakuti dziko lapansi linayamba kuidziwa mphamvuyi m'chaka cha 1945, pamene mabomba awiri anapsereza mizinda ya Hiroshima ndi Nagasaki ku Japan. Koma pali anthu enanso amene amati mphamvu yomweyo ingathe kutipatsa magetsi opanda utsi. Tsono tiyeni tiione nkhaniyi modekha, kuti pokambirana pa bwalo kapena pa msika mudziwe cheni cheni.

Poyamba tifunse kuti, kodi atomu nchiani? Chinthu chiri chonse, mwala, madzi, ngakhale thupi lanu, chinapangidwa ndi tizinthu tating'ono kwambiri tosaoneka ndi maso, ndipo timeneti ndito maatomu. M'nthaka muli mwala wina wolemera wotchedwa uranium, umene maatomu ake ena akasweka amatulutsa kutentha kwakukuru. Kutenthako kumawiritsa madzi, nthunzi yake imazunguza makina, ndipo makinawo amapanga magetsi. Nchimodzimodzi ndi madzi a m'Shire amene amazunguza makina pa Nkula, pa Tedzani ndi pa Kapichira, kungoti kuno chozunguzacho ndi nthunzi.

Mwina mukuti izi nza kutali, sizikutikhudza ife. Iai, zikutikhudza. Ku Kayelekera m'boma la Karonga kuli mgodi wa uranium. Kampani ya Paladin inautsegula mu 2009, inaimitsa nchito mu 2014 mtengo wa uranium utatsika, ndipo kampani ya Lotus Resources itaugula, inayambanso nchito mu 2025. Uranium ameneyu sapanga magetsi m'Malawi muno, amagulitsidwa kunja. Ndipo musaganize kuti mwala wotuluka m'mgodi ungaphulike ngati bomba. Mwa maatomu 1,000 a uranium wa m'nthaka, 7 okha ndiwo amasweka mosabvuta. Pofuna magetsi amauyenga kufikira osweka akhale 3 kapena 5 mwa 100 ali onse, koma wa bomba amafuna ngati 90 mwa 100, nchito yobvuta imene maiko owerengeka okha amaidziwa.

Kwanu konkuno m'boma la Phalombe kuli phiri la Songwe, kumene kampani ya Mkango Resources inapeza miyala, ndipo inasainirana pangano ndi Boma mu 2024. Pano pafunika kusiyanitsa bwino. Miyala ya ku Songwe si ya uranium ngati ya ku Kayelekera. Ndi miyala imene amapangira maginito amphamvu a m'galimoto zoyendera magetsi ndi a m'makina opanga magetsi ndi mphepo. Komabe miyala ya mtundu umenewu kawiri kawiri imakhala ndi thorium pang'ono, amene amatulutsa cheza chosaoneka, ndipo chifukwa chake pafunika kuyeza pfumbi ndi madzi nthawi ndi nthawi. Lamulo loyang'anira zinthu zotere linakhazikitsidwa mu 2011, ndipo bungwe la Boma lotchedwa Atomic Energy Regulatory Authority ndilo liri ndi udindo umenewu.

Nanga bwanji ena amati magetsi a atomu ngaukhondo? Taonani. Malasha ndi dizilo zikamayaka zimatulutsa mpweya umene umafunditsa dziko lonse ngati bulangete, ndipo akatswiri a zanyengo amati dziko likamatentha mvula ya namondwe imadza yamphamvu koposa kale. Inu simufunika kuuzidwa za mvula yotere. Akuru akumbukira madzi ndi miyala zimene zinatsika m'Michesi mu 1991, ndipo nonse munaona zimene namondwe Freddy anachita m'March 2023. Mu January 2022 namondwe Ana anaononga damu la Kapichira, ndipo dziko lonse linakhala m'mdima wa kuzima zima kwa magetsi kwa chaka ndi miyezi. Makina a atomu satentha malasha, motero satulutsa mpweya uja, ndiponso amagwira nchito usana ndi usiku, m'dzinja ndi m'chilimwe momwe. Dziko la France limapeza pafupi fupi magawo awiri mwa atatu a magetsi ake m'njira imeneyi, ndipo mu 2023 ku Dubai maiko oposa 20 anagwirizana zochurukitsa magetsi a atomu katatu pofika 2050.

Koma amene amaopa nawonso ali ndi mfundo zao, ndipo tisawaseke. Mu 1986 makina a ku Chernobyl, m'dziko la Ukraine, anaphulika, ndipo anthu onse okhala pa mtunda wa makilomita 30 kuzungulira malowo anasamutsidwa, kusiya nyumba, minda ndi manda a makolo ao. Mu 2011 chibvomezi ndi mafunde a m'nyanja zinaononga makina a ku Fukushima ku Japan, ndipo anthu oposa 100,000 anachoka kwao. Ngozi zotere sizichitika kawiri kawiri, ndipo utsi wa malasha umapha anthu ambiri koposa chaka ndi chaka, koma ikachitika imodzi, nthaka imakhala yosalimika kwa zaka zambiri. Palinso bvuto la zotsalira, zimene zimakhala zoopsa kwa zaka zikwi zikwi, kotero kuti ku Finland anakumba mapanga akuya mamita oposa 400 m'thanthwe kuti azizisunga m'menemo. Dziko la Germany linatseka makina ake omaliza mu 2023.

Kodi Malawi angamange makina otere msanga? Mu Afrika muno makina ogulitsa magetsi a atomu ali pa Koeberg pafupi ndi Cape Town, amene anayamba nchito mu 1984, ndipo Egypt anayamba kumanga ake mu 2022. Koeberg yekha ali ndi mphamvu yoposa katatu ya makina athu onse a m'Shire pamodzi. Makina akuru otere amafuna ndalama zochuruka, akatswiri ambiri, ndi mawaya olimba ofika pali ponse. Chifukwa chake magetsi a dzuwa, monga a ku Salima amene anayamba mu 2021 ndi a ku Golomoti a mu 2022, ndiwo ali pafupi ndi ife.

Tsono mau athu otsiriza ndi awa. Musathawe pomva dzina la atomu, komanso musabvomere chiri chonse chifukwa chakuti wanena ndi munthu wobvala bwino. Akabwera a mgodi kapena a Boma kudzachititsa msonkhano kwa mfumu, pitani, amai ndi abambo omwe. Funsani kuti madzi a pa chitsime adzayeza ndani, ndipo kangati pa chaka. Zotsalira adzataya kuti. Mvula ngati ya Freddy ikadzagwa, damu la zotsalirazo lidzalimba bwanji. Pemphani kuti zotsatira za kuyezako aziwerenga pa gulu m'chinenero chimene nonse mukumva, ndipo mlembi wa mudzi azilemba mayankho onse m'buku.