1500 si mphindi 25: tsiku lomwe nambala inandipusitsa

Ndinkalumikiza makompyuta a mu labu yathu pogwiritsa ntchito bridge ya Linux. Bridge imakhala ngati mlatho: imalandira uthenga mbali ina ya netiweki n'kuuwolotsera mbali inayo. Isanayambe kuwolotsa imadikira kaye, kuopa kuti uthenga ungamangozungulira osafika. Kudikiraku kumachitika m'magawo awiri; nthawi ya gawo lililonse amaitcha forward delay, ndipo kawirikawiri imakhala masekondi 15.

Nditatsegula fayilo ya forward_delay, ndinapeza 1500. Ndinagawa ndi 60: mphindi 25! Mtima unagunda, poti ana a Fomu 4 anali ndi phunziro m'mawa mwake. Ndinalemba 15, koma kompyuta inakana.

Vuto silinali la makina ayi, linali langa. Fayiloyi imawerenga nthawi m'masentisekondi, ndipo sekondi imodzi ili ndi masentisekondi 100. Choncho 1500 ÷ 100 = masekondi 15. Nambala ija inali yolondola kale! 15 wanga uja ankatanthauza masekondi 0.15, pomwe STP ikamagwira ntchito, Linux imangolola kuyambira masekondi 2 mpaka 30. Chosokoneza n'chakuti pulogalamu ya brctl imafuna masekondi, pomwe ip link imafuna masentisekondi.

Musaone ngati n'zazing'ono. Mu 1999 chombo cha NASA, Mars Climate Orbiter, chinatayika chifukwa gulu lina linkagwiritsa ntchito mapaundi, lina manyutoni.

Ndiye ndikakuchotserani malikisi chifukwa mwalemba "15" popanda yuniti, musandikwiyire. Muzifunsa kaye: 15 chiyani?